Chitseko n'chotsegula, eti? Nanga bwanji mumachitsegula dzuwa litalowa?

Sabata yatha tinali pa kamsonkhano ka anthu amene timayendetsa timagulu ta zamakompyuta muno mu Lilongwe. Nkhani itafika poti atsikana saoneka m'mikumano yathu, achimwene ena anaimirira, n'kukonza kolala, n'kunena mawu aja tawamva mpaka makutu kuwawa: akuti kwawo chitseko n'chotsegula kwa wina aliyense, atsikanawo ndi amene safuna okha. Anthu anagwedezera mitu. Wina anathira ndemanga yoti ntchito imeneyi imafuna munthu amene ali nayo mtima, osati wochita kumukoka dzanja. Ife tinakweza mkono koma wapampando anati nthawi yatha. Chabwino. Tiyankhira pompano, poti pano palibe wotilanda maikolofoni.

Kwa inu amene simukudziwa zomwe timachita: ndife kagulu ka anthu ochepa, ambiri mwa ife atsikana, ndipo timakonza meetup ya anthu opanga mawebusaiti. Meetup si sukulu, komanso si wekishopu ya alawansi ayi. Ndi kukumana chabe kamodzi pamwezi, aliyense ndi laputopu yake ngati ali nayo. Wina amaimirira mphindi 20 kuonetsa zomwe waphunzira, kaya ndi CSS, kaya Laravel, kaya momwe mungalumikizire webusaiti ndi Airtel Money kapena Mpamba kuti kasitomala alipire pafoni. Wina amabwera ndi code yomwe yamusowetsa tulo sabata yathunthu, tonse n'kuzungulira laputopu yake mpaka tipeze pomwe pasowa kachizindikiro kamodzi. Kulowa n'kwaulere, satifiketi palibe.

Nde wina afunsa kuti ngati ndi kucheza chabe, mkwiyo wonsewu ngwachiyani? Ngwakuti m'mikumano imeneyi ndi momwe mumadutsa ntchito. Ntchito zambiri zopanga mawebusaiti kuno sizilengezedwa munyuzipepala. Mwini loji kunyanja akafuna webusaiti safunsa digiri, amafunsa mphwake ngati akudziwako kamnyamata ka makompyuta, ndipo mphwakeyo amatchula munthu amene anamuona akulankhula kutsogolo mwezi watha. Kampani ikafuna wophunzira ntchito, bwana wa IT amaponya kauthenga m'gulupu ya WhatsApp asanaganize n'komwe zolemba chilengezo. Mnyamata amene wapeza kasitomala wakunja n'kuchulukidwa ntchito amagawirako amene amakhala naye benchi imodzi. Mtsikana amene sali m'chipindamo samva n'komwe kuti panadutsa kanthu. Digiri ali nayo yomweyo, mwinanso anakhoza kuposa onsewo, koma ali pakhomo, akutumiza ma CV omwe sayankhidwa.

Tiyambe ndi wotchi, ndipo tiyambe ndi kudziulula tokha, chifukwa cholakwa chimenechi nafenso tinachichita. Chaka choyamba tinkakumana Lachinayi, 6 koloko madzulo, pamalo ena omwera m'tauni. Zifukwa zake zinkamveka zanzeru ndithu: mwini malo sankatilipiritsa, panali Wi-Fi, panali jenereta magetsi akathima, ndipo apantchito amakhala ataweruka. Paposita tinkalemba kuti aliyense ndi wolandiridwa, ndipo tinkakhulupirira kuti tikunena zoona. Atsikana ankabwera atatu, mwina anayi, ndipo mwa anayiwo awiri tinali ife okonzafe.

Tsiku lina tinafunsa mnzathu wina amene tinali naye kuyunivesite, katswiri pa JavaScript kuposa tonsefe, chifukwa chomwe anangobwerera kamodzi basi. Sanatiuze za mtima kapena chidwi. Anatiwerengera ulendo. Iye amakhala ku Area 25. Msonkhano wa 6 koloko, mwachimalawi, umayamba cha m'ma 7 n'kutha cha m'ma 9. Nthawi imeneyo minibasi zatha, kapena yatsala imodzi yoti uidikire kuti idzaze uli mumdima, laputopu ili kumsana, laputopu yomwe banja lonse linasonkha. Chotsala ndi kabaza amene sukumudziwa, kapena taxi yomwe mtengo wake ndi ndiwo za masiku angapo. Ukatsika pasiteji pali kanjira kokafika pageti, ndipo aliyense m'deralo akudziwa zomwe zimachitika m'kanjirako usiku. Ukagogoda, adadi akudikira ndi funso loti mwana wamkazi akuchokera kuti usiku uno. Yankho loti "ndinali ku bala, timaphunzira JavaScript" mukudziwa nokha momwe lingathere. Wapabanja nde musanene: nsima, mwana, ndi bambo akunyumba amene amva kuti malo akewo ndi omwera.

Tikudziwa, mnyamata wa ku Area 25 naye ulendo ndi womwewo, naye akhoza kulandidwa laputopu. Koma iye akachedwa amakagona pamkeka kwa mnzake, m'mawa palibe womufunsa. Akalandidwa katundu anthu amamupepesa. Mtsikana chikamugwera, funso loyamba ndi loti ankafunanji kunja usiku. Choncho achimwene, mukamati chitseko n'chotsegula, tiuzeni kuti n'chotsegula nthawi yanji, ndipo kuchoka pachitsekopo kukafika kwawo munthu ayenda bwanji.

Tinasamutsira msonkhano Loweruka, kuyamba 1 koloko masana n'kutha 4 koloko ndendende, m'kalasi ina yapafupi ndi msewu wa minibasi. Tinataya Wi-Fi yaulere. Tinataya jenereta. Tinatayanso achimwene angapo amene anati Loweruka masana ndi nthawi ya mpira, ndipo sitinawalirire kwambiri. Anzathu opemphera Loweruka anadandaula, ndipo iwo ali ndi mfundo, n'chifukwa chake miyezi ina timasinthira Lamlungu masana. Koma mipando ya atsikana inayamba kudzaza, popanda posita ya pinki, popanda kukoka dzanja la aliyense. Chidwi chomwe munkati kulibe chija chinalipo nthawi yonseyi, chimangodikira minibasi.

Za intaneti tinazithetsa mwachimphawi. Amene munalembapo npm install muli pa kabandulo ka tsiku limodzi mukudziwa kulira kwake. Tsopano mmodzi wa ife amatsitsiratu zonse zofunika, VS Code, Node.js, XAMPP ndi zina, n'kuziika pa flash, ndipo flash imayenda benchi ndi benchi. Amene alibe laputopu amakhala ndi mnzake. Ndipo onani bwino amene amabwera chimanjamanja. M'mabanja ambiri omwe ife tikuwadziwa, ndalama zikakwana laputopu imodzi imapita kwa mnyamata, mtsikana amabwereka mchimwene wake akagona. Meetup imene imalemba kuti wopanda laputopu asabwere yasankha kale anthu ake.

Tsopano nkhani yomwe imatikwiyitsa kuposa zonse: pepala la mayina. Pafupifupi meetup iliyonse ili nalo. Dzina, imelo, nambala ya foni, siginecha. Othandiza ndi ndalama amalifuna ngati umboni, ndipo zimenezo n'zomveka. Koma pepalalo limayenda dzanja ndi dzanja m'chipinda monse, kenako limagona patebulo, ndipo pali anyamata amene amalijambula ndi foni. Usiku womwewo mtsikana amene wabwera koyamba, amene wachita kulimba mtima kuti alowe m'chipinda chodzaza amuna, amalandira uthenga wochokera kwa "uja ndinakhala kumbuyo kwako". Akapanda kuyankha kumabwera wina. Kenako video call pakati pausiku. Kenako chithunzi chomwe sanapemphe. Gulupu ya WhatsApp nayonso ndi chimodzimodzi, aliyense amene ali momo amaona nambala ya aliyense. Mtsikana uja amatuluka m'gulupu mwakachetechete, mwezi wotsatira sabwera, ndipo okonza amamuwerengera m'gulu la aja analibe chidwi.

Mtsikana wina atatiuza zoterezi, zomwe zinamuchitikira ku meetup ina, tinapita naye kwa amene amaiyendetsa. Anatiyankha akumwetulira kuti zimenezo ndi za anthu awiri akuluakulu, zachitikira kunja kwa msonkhano, iye sizikumukhudza. Iyayi bwana. Nambala anaitenga papepala lanu, patebulo lanu, pamsonkhano womwe munaitana inu.

Chochititsa manyazi n'chakuti amenewa ndi anthu opanga mawebusaiti. Anthu amene akhoza kukangana ola lathunthu za momwe ungabisire password m'database, amene amakuseka ukaika webusaiti yopanda HTTPS, amene amalalikira kuti uthenga wa kasitomala ndi wopatulika. Omwewo amasiya manambala a atsikana 15 pabwalo ngati mtedza wouma padzuwa. Chitetezo mumachidziwa bwino lomwe chikakhala cha seva.

Ndipo musaganize kuti ndi nkhani ya ulemu chabe. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limanena momveka kuti kuvutitsa munthu ndi mawu, zizindikiro kapena zochita zokhudza kugonana zomwe iye sakuzifuna ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi K1 miliyoni komanso zaka 5 kundende. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuvutitsa ndi kulondalonda munthu kudzera pafoni kapena pakompyuta. Kuyambira 2024 tilinso ndi Data Protection Act, yomwe imati wosonkhanitsa mayina ndi manambala a anthu ali ndi udindo wowasamala. Inu amene mumayendetsa pepala lija, wosonkhanitsayo ndinu.

Kwathu pepala siliyendanso. Munthu mmodzi amakhala pakhomo n'kulemba, likadzaza limalowa m'chikwama. Nambala ya foni amapereka amene wafuna. Zolengeza timatumiza pa imelo, ndipo m'gulupu amalowa amene wapempha yekha. Tisanayambe msonkhano uliwonse timawerenga mokweza malamulo athu, satenga mphindi ziwiri, n'kuimiritsa anthu awiri oti aliyense wovutitsidwa akawauze, mmodzi wamkazi, mmodzi wamwamuna. Poyamba ena ankaseka, ati zachizungu, ati tikudzitenga ngati bungwe. Koma malamulo oterewa sitinayambe ndife. Misonkhano ikuluikulu ya opanga mapulogalamu monga PyCon ili nawo, ndipo olo Linux yomwe mumaipembedza ija inakhazikitsa malamulo a khalidwe mu 2018, otengera pa Contributor Covenant. Kuseka kunatha tsiku lomwe tinauza munthu wina kuti asadzabwerenso. Zinatipweteka, tisaname. Anali yekhayo pakati pathu wodziwa bwino za maseva, ankalankhula mokoma, ndipo anyamata ena anachoka naye limodzi. Kwa miyezi ingapo mafunso a maseva tinkangoyang'anana. Koma atsikana awiri amene anali atasiya kubwera chifukwa cha iye anabwerera, ndipo mmodzi mwa iwo ndi amene pano amatiphunzitsa zomwezo.

Palinso kanthu kena kakang'ono koma kamatafuna mtima: kiyibodi. Mtsikana wafunsa funso, code yake ikukana. Achimwene abwera ndi mtima wabwino, ati tabweretsa ndione, akokera laputopu kwa iwo, zala phaphapha, masekondi 30 zatheka, abweza laputopu akumwetulira. Mwini wake sanaone chomwe chasinthidwa, sanaphunzire kanthu, wangophunzira kuti iye ndi wochedwa. Mnyamata akafunsa funso lomwelo, amamuuza kuti tayang'ana mzere wakutiwakuti, n'kumusiya akonze yekha. Tinaika lamulo loti wothandiza manja ake azikhala kumbuyo, alankhule ndi pakamwa, mwini laputopu ndi amene alembe. Mukanaona momwe ena amavutikira, zala zikuchita kunjenjemera.

Nanga za fanta ndi mandasi? Pitani ku meetup iliyonse yomwe ili ndi atsikana m'komiti, muone amene wafika msanga kusesa ndi kuyala mipando, amene ali pakhomo ndi cholembera, amene akutsegula mabotolo, amene akujambula zithunzi, amene watsala kutola mapepala onse atapita. Kenako muone amene ali kutsogolo ndi pulojekita. Ntchito yokonza meetup ndi yolemetsa ndipo ilibe malipiro: kupempha malo, kuchonderera olankhula, kukumbutsa anthu katatu, kudula ndalama m'thumba mwako othandiza akachedwa. Ntchito yosaonekayo imagwera ife, yooneka imapita kwa iwo, ndipo kasitomala uja wa loji amakumbukira nkhope yomwe inali kutsogolo, osati yomwe inamupatsira fanta. Mkazi akakhala m'komiti chaka chathunthu osalankhulapo kutsogolo olo kamodzi, ameneyo mwamulemba uwetala.

Mudzati timawapempha kuti alankhule koma amakana. Zoona, ambiri amakana ulendo woyamba, nafenso tinkakana. Mnyamata amene waonera vidiyo imodzi ya React pa YouTube Lachitatu, Loweruka ali kutsogolo akuphunzitsa React. Mtsikana amene wapanga mawebusaiti asanu omwe akugwira ntchito amati sanafikepo. Si kuti ndi wamanyazi mwachibadwa. Anaona zomwe zinachitikira mnzake amene anayesa: mafunso omwe si mafunso, koma mayeso, ochokera kwa achimwene amene akufuna chipinda chonse chidziwe kuti iwo akudziwa zambiri. Ndiye kuponya uthenga m'gulupu woti amene akufuna kulankhula anene si kupempha ayi. Ife timapita kwa munthu mwachindunji, n'kumuuza kuti chinthu chakuti chomwe unapanga chija tikufuna utionetse mphindi 10, tiyeserera limodzi Lachisanu. Ndipo woyendetsa mwambo amadula aliyense amene funso lake lasanduka ulaliki.

Inunso othandiza ndi ndalama tikuonani. Zikomo chifukwa cha fanta, ndithu. Koma chizolowezi chofika kumapeto kwa msonkhano n'kunena kuti atsikana onse bwerani kutsogolo tijambule, aliyense agwire laputopu, kuti lipoti lanu lioneke bwino kwa akunja, chimenecho chithe. Tsiku lina tinapempha kuti m'malo mwa ma T-shirt atipatse ndalama yomweyo tilipirire thiransipoti atsikana ochokera kutali monga ku Chinsapo ndi Area 36. Anati bajeti silola. Ya T-shirt imalola, poti T-shirt imaoneka pachithunzi.

Tibwerere kwa achimwene aja a mtima wa ntchito. Pansi pa mawu awo pagona chikhulupiriro choti makompyuta ndi a amuna, ife tikungolowerera. Tawerengani mbiri ya ntchito yanu yomwe. ENIAC, imodzi mwa makompyuta oyambirira amagetsi, itaonetsedwa kwa anthu mu 1946 ku University of Pennsylvania, amene anaikonzera mapulogalamu anali akazi asanu ndi mmodzi: Kay McNulty, Betty Jennings, Betty Snyder, Marlyn Wescoff, Fran Bilas ndi Ruth Lichterman. Tsikulo mayina awo sanatchulidwe, ndipo kuphwando la madzulo sanaitanidwe. Ntchito anagwira iwo, kutsogolo kunaima ena. Mukuona ngati zachilendo? Ndipo simukufunika kupita ku America. Malo oyamba muno m'Malawi osonkhanirako achinyamata a zaluso la makompyuta, mHub, anayambitsa ndi mayi, Rachel Sibande, mu Lilongwe momwe muno. Ena mwa inu munaphunzira kulemba code pamipando yomwe anayala mkazi, lero mukuti akazi alibe nazo mtima.

Ena amatiuza mwaulemu kuti bwanji osangoyambitsa gulu la atsikana okha, musiye kulimbana ndi magulu a anzanu. Magulu a atsikana okha ndi abwino ndipo timawakonda. Django Girls inayamba mu 2014 ku Berlin, anayambitsa ndi atsikana awiri a ku Poland, Ola Sitarska ndi Ola Sendecka, ndipo yathandiza akazi m'maiko ambiri kupanga webusaiti yawo yoyamba m'tsiku limodzi, kwaulere. Malo oterewa ndi pomwe munthu amafunsa funso lomwe akuliona ngati lopusa popanda kuopa kusekedwa. Koma malo ophunzirira kuyenda si msika. Mabwana olemba ntchito, makasitomala ndi akatswiri ambiri akadali m'zipinda zija zodzaza amuna. Mukatitumiza kukona kwathu n'kusiya chipinda chachikulu momwe chilili, 6 koloko madzulo, ku bala, ndi pepala la mayina likuyendayenda, ndiye kuti mwatipatsa kalasi, ntchito mwasunga nokha. Ife tikufuna zonse ziwiri.

Ndipo chomwe tikupempha sichifuna dona aliyense. Kusintha ola sikudya bajeti. Kusunga pepala m'chikwama n'kwaulere. Kuika manja kumbuyo n'kwaulere. Kuuza mnzanu wapamtima kuti asadzabwerenso chifukwa cha zomwe amatumiza usiku, kumeneko nde kumadula, tikudziwa, ife tinalipira. Inu atsikana amene munapitapo ku meetup kamodzi osabwereranso, tiuzeni chomwe chinakubwezani, olo ku inbox, dzina lanu sitidzatchula. Tikufuna tikadzakhalanso pa kamsonkhano kaja tidzapite ndi nkhani zanu m'manja, wapampando adzayesenso kunena kuti nthawi yatha.

Achimwene a chitseko chotsegula aja tawaitana ku meetup yathu ya mwezi wamawa, ndipo avomera. Tikuyamba 1 koloko, koma inu achimwene mudzafike 12, pali mipando yoti iyalidwe ndi kreti ya fanta yoti itengedwe kugolosale. Woyamba kulankhula ndi mnzathu wa ku Area 25 uja. Adzationetsa momwe anapeputsira webusaiti ya kasitomala wake kuti izitseguka msanga pa foni yotchipa netiweki ikakhala yofooka, kuyambira pa kuchepetsa zithunzi mpaka kuchotsa JavaScript yosafunika. Mafunso adzakhala kumapeto, lililonse lisapitirire mphindi imodzi.